Za Ulendo Wathu wa ku Nyanja ya Chilwa, ndi za Maboti Awiri

Anthu amene sanafikepo ku dziko la Phalombe ayesa kuti kuno ndi kumapiri kokhakokha, pakuti maina a Mulanje ndi Michesi amveka kutali. Koma munthu akatsika pa mpata wa pakati pa mapiri awiriwo, paja Azungu anamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo, aona chigwa chachikulu choyalidwa ngati mphasa, chopita kumpoto kufikira maso atopa. Madzi onse otsika m'mapiri kumbali ino ayenda pa chigwa chimenechi. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani iwatenga, ndipo potsiriza alowa m'nyanja ya Chilwa. Boma la Phalombe, limene linapatuka ku Mulanje m'chaka cha 1998, ligwira gombe la kumwera la nyanjayo. Chotero ife a kuno tili anthu a phiri ndi a madzi omwe, ngakhale ambiri mwa ife sanakwerepo boti chibadwire.

Mwezi wa Ogasiti tinaitanidwa ndi mabanja ena okhala pa kadoko kena kufupi ndi Swang'oma. Mabanja amenewa anasonkha ndalama zaka zingapo mwa njira ija ya banki m'khonde, ndipo mtima wao unali pa kugula boti la injini, loti lizitenga nsomba kwa asodzi a m'kati mwa nyanja ndi kudza nazo kumtunda zisanavunde, ndiponso lizinyamula odwala ndi amai oyembekezera pa nyengo imene njira zonse zamira. Wogulitsa wina wa mumzinda anawatumizira mapepala a maboti awiri a aluminiyamu. Koma popeza mapepalawo analembedwa m'Chingerezi, anafuna munthu wowawerengera ndi kuwamasulira bwino, kuti ndalama ya thukuta lao isagwere m'madzi.

Tinanyamuka pa boma kusanache, pa njinga zamoto za kabaza, ndipo titapyola Migowi tinasiya mseu wa phula ndi kulowa m'njira ya fumbi. Dothi la kumeneko ndi makande akuda: m'chilimwe lichita ming'alu yoti phazi la mwana lilowemo, ndipo m'dzinja likagwira gudumu la galimoto silitayanso. Nandolo anali chiimire m'minda, mpunga unali utakololedwa kale. Nyanjayo siioneka patali, pakuti dziko lonse lili thyathyathya. Mphuno ndiyo iyamba kuidziwa, chifukwa utsi wa milamba yowamba ufika kutali. Pambuyo pake mukomana ndi njinga zosenza madengu a matemba. Potsiriza muona khoma lalitali la njedza, ndipo akuuzani kuti mwafika, ngakhale madzi simunawaone.

Chilwa ndiyo nyanja yachiwiri kukula m'dziko la Malawi, koma makhalidwe ake asiyana kutali ndi a nyanja yaikulu ija ya ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi alowa, koma potulukira pake ndi kumwamba kokha, dzuwa likawamwa. Chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo mcherewo ukula nyanja ikamaphwa. Si yakuya iai: malo ambiri munthu afika pansi ndi nsungwi, pakuti kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3, ndipo pansipo pali thope lofewa limene mphepo iliutsa, madzi nakhala ofiirira ngati thobwa. Pozungulira pake pali dambo lalikulu la njedza, ndipo asodzi atema tinjira m'menemo kuti atulukire ku madzi oyera. Ena satulukanso kumtunda miyezi yambiri. Amanga zimbowera zao pa njedza zoyandama, naphika, nagona, nawamba nsomba pomwepo. Nsomba zake zodziwika ndi zitatu, matemba, makumba ndi milamba, ndipo pa zaka zabwino nyanja yaing'onoyi inatulutsa gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu a nsomba zonse za dziko lino.

Koma chinthu chimene wogula boti ayenera kuchikumbukira koposa zonse ndi ichi: Chilwa ichoka, nibweranso. Inauma m'chaka cha 1968, inaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 inaphwa kotero kuti anthu anayenda pansi kunka ku chilumba cha Chisi, mabwato atagona pa thope long'ambika. Mvula ya namondwe wa Idai itagwa m'mwezi wa Malichi 2019 madzi anabwerera, ndipo atapita namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023 anakwera nalowa m'minda ndi m'midzi ya m'mbali. Doko limene lili pakhomo chaka chino likhoza kukhala ulendo wa ola lathunthu chaka cha mawa.

Pa dokopo tinapeza mabwato osema ambiri, ena akalekale ndi okhala ndi zigamba, pakuti mitengo ikuluikulu yosemera bwato, monga mbawa ndi mtondo, yasowa m'dera lonselo. Panalinso maboti a matabwa, omatidwa m'mipata ndi nsanza ndi phula, amodziamodzi okhala ndi injini kumbuyo. Kale amisiri anakonda matabwa a mkungudza wa pa Mulanje, chifukwa suola msanga m'madzi. Koma mtengo umenewo, umene uli mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Boti la aluminiyamu panalibe ngakhale limodzi, ndipo ambiri mwa osonkha ndalamawo analiona pa chithunzi pokha.

Tinakhala pansi pa mthunzi, amuna uku, amai uko, ndipo tinawerenga mapepala aja. Boti loyamba linali la mamita 4 ndi theka, lophwatalala kunsi ngati chitseko, lokhala ndi injini ya mphamvu ya akavalo 15, imene asodzi angoti ya 15. Lachiwiri linali lalitali pang'ono, la msana wosongoka kunsi ngati chifuwa cha nkhuku, lokhala ndi injini ya 40, ndipo mtengo wake unaposa wa linzake kwambiri. Anyamata onse mtima unagwa pa lachiwiri, pakuti pa chithunzi linali kuuluka pamwamba pa madzi obiriwira, thovu lili mbee kumbuyo. Koma nkhalamba ina, imene yaponda nyanjayi kuyambira isanaume mu 1968, inafunsa nati, "Aphunzitsi, kodi pepalalo lanena kuti botilo lilowa m'madzi mpaka pati? Pakuti kanjira kathu aka, mwezi wa Okutobala madzi ake alekeza m'maondo, ndipo kunsi kwake ndi thope." Ife tinati, "Agogo, funso lanulo ndilo mutu wa mlandu wonse."

Funso limeneli linavutapo anthu ozindikira kale lomwe. David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ino pa 18 Epulo 1859, naitcha Shirwa. Koma anafika pansi, atasiya sitima yao ya Ma Robert kwa Chibisa, ku Chikwawa. Sitima imeneyo inapangidwa ndi chitsulo cha mtundu watsopano chimene anachitama ku Ulaya. Koma m'madzi a Zambezi ndi Shire chinadyeka nichita timabowo ponseponse, kufikira sitimayo inamira m'chaka cha 1860. Ina imene inadza m'malo mwake, dzina lake Pioneer, inali yolimba ndithu, koma inalowa m'madzi kwambiri, ndipo m'chaka cha 1861 inatitimira pa mchenga wa mu Shire masabata angapo. Amisiri a ku Ulaya sanali opusa. Anangopanga sitima zao asanawadziwe madzi amene zidzayendamo.

Tsono tiyeni tione maonekedwe a kunsi kwa boti, pakuti pamenepo ndi pamene maboti awiriwa asiyana kwenikweni. Boti lophwatalala likhala pamwamba pa madzi ngati lichero. Lopanda katundu lilowa m'madzi pang'ono chabe, ndipo ngakhale lodzaza lipita pamene madzi alekeza m'maondo. Likakhudza thope litsetsereka, ndipo amuna awiri akatsika alikankha. Munthu akaimirira m'menemo kuti akweze dengu la nsomba kapena kuti agoneke wodwala, silipendekeka msanga. Injini ikazima, mulipondera ndi nsungwi monga muchitira ndi bwato. Koma boti la msana wosongoka lifuna madzi akuya. Pa thope lizika msana wake ngati khasu, ndipo likaima pouma ligwera mbali imodzi. Ubwino wake uoneka pa mafunde, pakuti liwang'amba pakati, pamene lophwatalala liwamenya ndi mimba, ndi kugwedeza okwera mpaka mano aombana.

Ndipo pa Chilwa mafunde alipo, tisanamize munthu. M'mawa mwake anatitenga pa boti la matabwa kupyola m'kanjira ka njedza kufikira ku madzi oyera. Potuluka nyanja inali zii, mbalame zili kuuluka m'magulumagulu, phiri la Mulanje lili kumwera ngati mtambo wakuda. Koma dzuwa litakwera mwera unayamba, ndipo msangamsanga madzi anasanduka. Popeza nyanjayo si yakuya, mafunde ake ndi aafupi ndi otsatana pafupipafupi. Limodzi lisanathe lina lafika, ndipo alowa m'boti ndi thope lomwe. Boti lopepuka la aluminiyamu mphepo iliseweretsa koposa la matabwa, chifukwa lilibe kulemera kolikhazika m'madzi. Chotero iye wofuna kuoloka nyanja yonse kunka ku Chisi kapena ku Kachulu, ku mbali ya Zomba, nthawi ya mwera, asadalire kaboti kophwatalala. Ulendo umenewo uyenera boti lalikulu la matabwa kapena la msana. Koma mabanja athuwa safuna kuoloka. Nchito yao ili m'mphepete mwa njedza, pakati pa zimbowera ndi doko, ndipo ulendo wao ndi wa m'mamawa mphepo isanadzuke.

Za injini tinena pang'ono. Injini yopachika kumbuyo kwa boti inayamba kufala pamene Ole Evinrude anayamba kuipanga mu mzinda wa Milwaukee, ku America, m'chaka cha 1909. Lero pa nyanja zathu zambiri ndi za Yamaha. Ya 15 ilemera makilogalamu osafika 40, kotero kuti mwamuna mmodzi aimasula madzulo napita nayo kunyumba. Ndipo ichi si chinthu chaching'ono, pakuti injini yogona pa doko iitana mbala. Ya 40 ilemera pafupifupi makilogalamu 70, ndipo ikathamanga ndi mphamvu yonse imwa petulo woposa kawiri wa inzake. Amene anagona pa mizere ya petulo m'zaka za 2022 ndi 2024 adziwa kuti mafuta a pa doko lakutali ngati ili adza m'zigubu pa njinga, pa mtengo umene wogulitsa afuna. Ndiponso chiyambire pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023, kachitsulo kalikonse kochokera kunja kakwera mtengo.

Palinso kanthu kena kamene mapepala aja sanakanene momveka. Injini izi zili ndi mwendo umene utsikira m'madzi, ndipo miyendoyo ndi ya mitundu iwiri, waufupi wa masentimita 38 ndi wautali wa masentimita 51. Thabwa la kumbuyo kwa boti lipangidwa molingana ndi umodzi mwa iwiriyo. Boti lachiwiri lija linafuna mwendo wautali, ndiko kunena kuti pulopela wake adzalima thope m'kanjira konse. Tsono injini iziziritsidwa ndi madzi amene iwakoka pa timabowo ta pa mwendowo. Timabowo tikatsekeka ndi thope kapena ndi zinyalala za njedza, injini ipsa woyendetsa asanazindikire. Chifukwa chake woyendetsa wa pa Chilwa ayenera kuyang'ana kawirikawiri kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakaleka, azimitse pomwepo. M'kanjira ka njedza ndi bwino kupendeketsa injini m'mwamba ndi kuponda ndi nsungwi, ngakhale anyamata aseke.

Amai ena anafunsa chifukwa chake boti la aluminiyamu, pamene la matabwa mmisiri wa pa doko pomwepo alikhoma pa mtengo wochepa. Funsolo ndi la nzeru, ndipo sitinalipeputse. Aluminiyamu ndi chitsulo chomwechija cha mapoto athu. Kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, ndipo sachita dzimbiri lofiira. Boti la mamita 4 amuna anai kapena asanu alinyamula, nalikweza pa ngolo ya ng'ombe. Apa ndi pamene lipambana pa nyanja yathu yothawathawayi: madzi akachoka mulitsata, madzi akasefukira mupita nalo kumudzi. Ndipo nyanja ikauma zaka ziwiri, boti la matabwa likhala padzuwa nilekana m'mipata, chiswe nichimaliza. Koma la aluminiyamu mulivundikira kuseri kwa nyumba, ndipo lidikira madzi osaonongeka. Chodabwitsa ndi chakuti dothi lotulutsa chitsulo chimenechi lili pamwamba pa phiri lathu lomweli. Katswiri wa miyala Frank Dixey analipeza pa Mulanje m'chaka cha 1924, ku dera la Lichenya, koma silinakumbidwe, ndipo chitsulo cha maboti a mtundu uwu chichokera kunja.

Zoipa zake tinawauzanso osabisa. Likabooka pa chitsa, mmisiri wa matabwa sangalithandize, ngakhale wowotcherera mafelemu a zitseko pa msika. Kuwotcherera aluminiyamu kufuna makina ena ndi mpweya wake, ndipo boti liyenera kukwera galimoto kunka ku Blantyre. Maboti ena alumikizidwa ndi kuwotcherera, ena ndi timisomali tophwanyidwa mitu mbali zonse ziwiri. Owotcherera ndi olimba koposa. A timisomali ayamba kudontha akakalamba, komatu munthu wa nyundo ziwiri akhoza kutimanganso pa doko pomwepo, ndipo kuno kutali ndi mzinda chimenecho chili ndi phindu lake. M'madzi a mchere chitsulo ichi sichigwirizana ndi mkuwa: mukasiya waya wa mkuwa m'madzi a pansi pa boti, kapena mukakhomerapo chigamba ndi misomali ya mkuwa, pamenepo padyeka pang'onopang'ono mpaka pabooka. Masana litentha ngati chiwaya, kotero kuti nsomba zifuna mphasa kapena matabwa pansi; ndipo nkhafi ikagunda m'mbali, phokoso lake limveka kutali. Msodzi wa yekha woponya mono ndi mbedza m'njedza asataye bwato wake chifukwa cha boti lotere. Tinakumbutsanso, anthu akuseka, kuti osungunula zitsulo ndi kuumba mapoto adzaliyang'ana ndi maso ena, ndipo unyolo ndi loko zilowe m'mtengo wa boti.

Pamene tinafika pa nkhani ya madzi osefukira kuseka kunatha. Palibe banja kuno limene silikumbuka mwezi wa Malichi 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yaikulu ngati nyumba, napha anthu mazanamazana pa Phalombe. Ndipo mabala a Malichi 2023 sanapole, pamene namondwe wa Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko lino, ndipo dera la Nkhulambe linakhala masiku ambiri losafikika ndi galimoto. Tinene zoona: pa madzi othamanga ochokera m'phiri, osenza miyala ndi mitengo, palibe boti laling'ono limene lingapulumutse munthu, ndipo wolowa nalo m'menemo angoonjezera maliro. Koma madziwo akafika kuchigwa afalikira, nakhala masabata pamwamba pa minda ndi njira, pena m'chiuno, pena m'maondo, kunsi kuli mizere, zitsa ndi mipanda. Pamenepo ndi pamene mai wobereka kapena mwana wotsegula m'mimba afa chifukwa chosowa chomufikitsa ku chipatala. Ndipo kolera ndi mlendo wodziwika pa nyanjayi, kotero kuti m'chaka cha 2016 katemera wake anaperekedwa kwa asodzi a m'zimbowera momwe. Pa madzi otere boti la msana ndi injini yake yaikulu silipita patali. Lophwatalala liyenda pamwamba pa mizere ya chimanga, anthu akulikoka ndi chingwe pamene pavuta.

Chotero atatifunsa maganizo athu, sitinazungulire. Tinati pa maboti awiriwa loyenera doko lao ndi lophwatalala la injini ya 15. Koma asalipire asanalembere wogulitsayo mafunso ena. Anene kutakata kwa pansi pake, pakuti lopapatiza ligubuduka msanga. Anene kutalika kwa m'mbali mwake, ndiponso ngati mphuno yake ndi yokwezeka kuti funde lisalowe kutsogolo. Anene kukhuthala kwa chitsulo cha kunsi. Anene ngati pansi pa mipando anaikamo zoyandamitsa, pakuti bwato wa mtengo ukadzala madzi uyandamabe, koma aluminiyamu wopanda zoyandamitsa amira ngati poto. Pa boti lililonse lopangidwa bwino pali kachitsulo kolembedwa kulemera kwa katundu ndi chiwerengero cha anthu oyenera kukweramo. Tinapempha kuti mau amenewo alembedwe m'Chichewa ndi utoto m'mbali mwa boti, kuti woyendetsa akhale ndi pokanira ngakhale wopempha malo ndi malume ake. Ndalama yotsala pa kusagula boti lalikulu igule majekete oyandamitsa, pulopela wapadera ndi chigubu cha petulo chosungira matenda okha.

Anyamata sanakondwe kwenikweni, ndipo mmodzi anati boti la pa doko lina lidzawapitirira pa nyanja anthu akuona. Amai osunga bokosi la ndalama anamuyankha nati, "Mwananga, matemba sathamangira kwina, petulo ndiye athamanga." Mlandu unatha motere: ndalama zikhale m'bokosi kufikira mwezi wa Okutobala; pamenepo nkhalamba ija ndi anyamata awiri adzayenda m'kanjira konse, kuyambira pa doko kufikira ku madzi oyera, atatenga nsungwi yodulidwa zizindikiro, nadzayesa kuya kwa madzi pa malo osaya onse. Muyeso umenewo udzalowa m'kalata yopita kwa wogulitsa pamodzi ndi mafunso aja. Kalatayo tinailemba madzulo omwewo pa kuwala kwa nyali ya sola, ndi kusiya mpata pamene padzalembedwa nambala ya masentimita. Ndipo m'mawa tinabwerera ku boma, aliyense atamangiridwa kaphukusi ka matemba kumbuyo kwa njinga.